Ngongole ya Linesi, tikambirane tisanagawane

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Ndalemba kuno poti Lachitatu pa msonkhano wa banki mkhonde yathu sitinamalize, mvula ija inatibalalitsa. Kugawana ndi pa 14 Disembala ndipo buku lonse lili bwino kupatula ngongole imodzi, ya Linesi. Anatenga K200,000 mu Ogasiti, wapereka chiwongola dzanja cha Seputembala ndi Okutobala, K40,000 mwezi uliwonse, cha Novembala sichinabwere ndipo mpamba wake nawo sunabwere. Tikaphatikiza chindapusa cha K5,000 zonse ndi K245,000. Masheya ake ndi 26, ndiye kuti K130,000. Otsalawo ndi K115,000 ndipo malamulo athu amati akalephera mwini wake timadula kwa amene anasainira. Anasainira ndi achemwali ake, Mai a Tadala.

Mai a Tadala: Masheya anga musawakhudze chonde. Ndanena Lachitatu ndikunenanso pano

Mai Tcheya: Mai a Tadala tiyeni pang'onopang'ono, palibe amene wadula kanthu. Tikufuna timve kaye mbali zonse

Mai a Tadala: Ine ndinasainira belo ya kaunjika. Anabwera kwathu m'mawa ndisanasese n'komwe akuti achemwali ndapeza belo yabwino ya zovala za ana ku Limbe mundisainire, ndinasaina. Belo ija anthu inu munaiona? ndani anagulako ngakhale kabudula mmodzi kwa Linesi? Ndalama inapita kwina ndiye alipire yekha

Memo wa saluni: Eee ndiye inapita kuti

Linesi: Achemwali muzinena zonse musamasiye zina. Ndalama ija tinakwezera Mada basi ya ku Joni ndipo inuyo munalipo pa Wenela tsiku lomwe amanyamuka, nkhuku yokazinga imene anadya m'njira munakonza ndinu. Lero mukuti simumadziwa?

Mai a Tadala: Ndinadziwa utatenga kale ndalama iwe. Kusaina ndinasainira belo

Che Jafali telala: Pepani ndilowerere. Mada ndi ndani, si membala wathu eti

Linesi: Ndi mlongo wathu Che Jafali, wotsatana ndi ine. Geni yake ya mafoni ku Ndirande inagwa kwacha itatsika ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu anakwera kawiri osaodanso, anangokhala pakhomo kwa amayi chaka ndi miyezi. Mnzake anamupezera ganyu ya zomangamanga ku Joni koma thiransipoti panalibe, ulendo wake wautali uja wodutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge umafuna ndalama ya basi ndi ina yam'thumba. Ndikanati ndi za Mada gulu likanakana ndiye ndinati belo. Sindikukana zimenezo

Che Jafali telala: Ndiye apo pali mlandu wina. Lamulo lathu limati osatengera ngongole munthu wakunja. Ine chaka chatha munandikaniza nditafuna kutengera mlamu wanga ya fetereza

Mai Tcheya: Zoona Che Jafali, tifikapo. Tiyambe ndi ndalama ibwere kaye

Linesi: Ndalama ikanabwera kalekale Mai Tcheya. Mada watumiza kawiri, K100,000 mu Seputembala ndi K50,000 mu Okutobala, ananena yekha kuti ndi ya banki. Koma amatumiza pa nambala ya achemwali poti iwo ndi akulu, ineyo sindinaione ngakhale tambala, K80,000 ya chiwongola dzanja ndalipira ndi ndalama yanga ya tomato ana anga akudya bonya tsiku ndi tsiku. Afunseni achemwali K150,000 ili kuti

Memo wa saluni: Ayayaya

Mai a Tadala: Iwe Linesi ukundinena kuti ndine wakuba pagulu?

Linesi: Sindinati wakuba ndangoti ili kuti

Mai a Tadala: Chabwino ndikuuze pomwe ili. Ili padenga pa nyumba ya mayi ako. Chichokereni Freddy mu Malichi 2023 chipinda chogona amayi ku Chilobwe chakhala ndi malata opindika amene tinatola m'matope, mvula ikagwa amayi amasuntha mphasa kukagona pabalaza, ndani amapita kukaona? Iwe umangoimba foni kuti amayi muli bwanji basi. Ndinagula malata ndi misomali ndi kulipira kalipentala K90,000, malisiti ndili nawo

Mlembi: 150 kuchotsa 90 patsala 60 Mai a Tadala

Mai a Tadala: Inayo ndinagwiritsa ntchito zina zapakhomo

Mlembi: Pepani sindikufuna kukuchititsani manyazi koma buku ndili nalo pamwendo pano. Miyezi yonse inu mumagula masheya awiri kapena atatu pa sabata. Mu Okutobala munagula asanu asanu masabata onse, mpaka Che Jafali anaseka kuti mandasi ayamba kulipira

Che Jafali telala: Ndinanenadi kkkk

Linesi: Mwaona? ndalama ya ngongole yanga anagulira masheya awo kuti pogawana adzatenge phindu lambiri, phindu lakenso lochokera ku chiwongola dzanja chomwe ndikulipira ine. Mkulu wanga weniweni bere limodzi

Mai a Tadala: Bere limodzi ukulidziwa lero? Ine ndinasiya sukulu sitandade 5 chifukwa cha fizi, sukulu yaulere inabwera 1994 ndili kale pamsewu ndi beseni la mandasi pamutu. Iwe unalowa yaulere, utasankhidwa ku sekondale fizi yako inachokera m'beseni lomwelo, yunifolomu, nsapato, mpaka sopo. Form 4 unalemba iwe, ine dzina langa ndimasaina movutika. Amayi akapha nkhuku ntchafu inali ya Mada, chiwindi cha Linesi, ine chisamba ndizidya mapazi ndi kutsuka mbale. Zaka zonsezi ndani anandibwezerapo kanthu? Lero K60,000 yokha mukundiyika pa gulupu ngati ndathyola banki

Memo wa saluni: Mmm izi ndiye zakale zatuluka

Linesi: Nkhani ya fizi imeneyi ndaimva moyo wanga onse. Pa ukwati wanga munainena, pa maliro a bambo munainena, ndikagula chitenje chatsopano mumati ndi mandasi anu. Ndinali mwana achemwali sindinakutumeni kusiya sukulu. Ndiuzeni mtengo wake ndizibweza pang'onopang'ono ithe, koma osati kutenga mwakachetechete ndalama imene Mada watumizira banki ine n'kumagona osagona kuopa kundilanda mbaula ndi matilesi

Mai Tcheya: Imani kaye nonse awiri. Aliyense asalembe kwa mphindi zisanu

Gogo Nasimango: Ndine mdzukulu wawo ndikulemba zomwe agogo akunena. Akuti ana inu ndinakuonani mukukula ku Chilobwe, mayi anu ndi mnzanga wa ku Mvano. Akuti zomwe wanena wamkuluyo za mandasi ndi zoona ndinamuona ndi maso anga akudzuka 4 koloko, ndipo palibe anamuthokoza bwinobwino, mayi anu omwe. Koma akuti zomwe wachita ndi ndalama ya mnyamatayo ndi zolakwika, ukafuna kuthokozedwa umanena pakamwa sutenga m'thumba la mng'ono wako. Akuti chibale ndi fupa sichiola koma nkhani ya ntchafu ya nkhuku mukaikambe kwa amalume anu ku Lunzu, kuno tikambe za buku

Che Jafali telala: Agogo anena bwino. Koma ine ndibwerere pa mfundo yanga, nkhani zimenezi n'chifukwa chake magulu ena salola pachibale kusainirana. Mlendo akakusainira amakulondola mpaka kumsika kuona ngati belo wagula. M'bale amangosaina, zikavuta ayamba kuwerenga za 1994

Memo wa saluni: Koma Che Jafali nanga wina angakusainire ndani kupanda m'bale wako, ine anandisainira ndi asisi anga ndipo tinabweza bwinobwino. Tikaletsa zimenezo theka la gulu lino silidzatenganso ngongole, tonse tizikathera kwa akatapila

Che Jafali telala: Inu ndi asisi anu simunatumize munthu ku Joni

Mai a Yamikani: Ine ndangolowa kumene data inatha, ndawerenga zonse. Funso langa ndi limodzi, ndalama zathu tigawana pa 14 kapena ayi? Ine ndalonjeza kale kwa wogulitsa fetereza ndipo chimanga kumudzi ku Chiradzulu chamera, sichidikira kuti apachibale agwirizane. Za m'banja mwawo ine sizikundikhudza, adule kwa wosainira monga mwa lamulo basi

Mai Tcheya: Lamulo lilipo Mai a Yamikani ndipo tikafika pa 14 popanda yankho tidula ndithu. Koma kudula K115,000 yonse kwa Mai a Tadala kapena kumusiya Linesi wopanda kalikonse pa Khirisimasi, gulu likhoza kutaya anthu awiri nthawi imodzi, ndipo onsewa sanajombepo pakhonde chiyambireni. Amlembi tiwerengereni bwino za K150,000 ija

Mlembi: Ndayesa chonchi, mundikonze. K60,000 imene inalowa m'masheya a Mai a Tadala si yawo, ndi masheya 12, amenewo achoke apite ku ngongole. Za malata K90,000, nyumba ndi ya mayi wa anthu atatu ndiye aliyense K30,000. Mai a Tadala anagula malata ndi ndalama ya banki osaikapo yawo, ndiye gawo lawo K30,000 abweze. Zonse kwa iwo K90,000. Pa K245,000 patsala K155,000. Masheya a Linesi K130,000 tikagwira patsala K25,000

Mai a Tadala: Ndiye kuyenda kwanga konse kuja kukagula malata, kukwera nawo kabaza mpaka Chilobwe, kuphikira kalipentala masiku awiri, zimenezo ndi zaulere? Nthawi zonse ntchito ndi ya ine ndalama ndi ya ena

Mlembi: Buku lilibe mzere wa kabaza mayi

Memo wa saluni: kkkkkk amlembi inu

Linesi: Ine masheya anga onse apite chifukwa cha ngongole imene sindinadyeko ngakhale fanta? Ndi K80,000 ndinapereka kale ija?

Che Jafali telala: Dzina m'buku ndi lanu Linesi, ndipo munanama za belo. Amene akuyenera kukubwezerani ndi Mada, gulu silimudziwa Mada

Linesi: Ndamuimbira pompano pa WhatsApp ali pa ntchito. Akuti iye amadziwa kuti ngongole yatsala pang'ono, achemwali anamuuza kuti zonse zili bwino. Wakhumudwa kwambiri. Akuti alandira pa 7 atumiza K100,000 ndipo ina mu Januwale

Mai a Tadala: Wandiimbiranso ine, wandilankhula ngati ndine mwana wake. Mwana amene ndinamubereka kumsana ine

Mai Tcheya: Atumize pa nambala ya ndani

Linesi: Yanga

Mai a Tadala: Kuti mawa ndidzamve kuti sinafike?

Mai Tcheya: Atumize kwa amsungichuma pa Airtel Money kapena Mpamba, meseji yake aiponye pano tonse tione. Ikafika K100,000 imeneyo ndiye kwa Linesi tidula K55,000 yokha m'malo mwa masheya onse, atsala ndi masheya 15 ndi phindu lake. Ikapanda kufika pofika pa 11 tigwira masheya ake onse ndipo K25,000 yotsala tidula kwa wosainira. Mai a Tadala K90,000 mukuvomera?

Mai a Tadala: Masheya 12 chotsani. Koma K30,000 ya malata ndipereka Linesi akavomera pano pagulu kuti kuyambira Januwale amayi tizisinthana, mwezi uno mankhwala a BP ndi ufa ndi ine mwezi winawo iye. Ndatopa kukhala ndekha

Linesi: Munandiuzapo liti kuti mwatopa? Ndikabweretsa ufa mumati wa chigayo chakwathu ndi wokhakhala amayi sadya, ndikagula mankhwala mumati si amenewo. Mumafuna muzichita nokha kuti muzidandaula

Mai a Tadala: Ukuvomera kapena ayi

Linesi: Ndavomera. Koma ufa wanga muzilandira

Gogo Nasimango: Agogo akuti alemba m'mutu, adzafunsa okha kwa mayi anu mu Febuluwale

Che Jafali telala: Nanga chindapusa chotengera ngongole munthu wakunja? Musaiwale, ine munandikaniza

Mai Tcheya: Malamulo amati osatero koma sanatchule ndalama zingati, ndiye sitingapeke lero pa foni. Tikambirana Lachitatu pamaso ndipo chomwe tigwirizane chilowe m'malamulo a chaka chamawa, pamodzi ndi nkhani yoti apachibale azisainirana kapena ayi

Che Jafali telala: Ndiye kuti Linesi wapulumuka

Mai a Yamikani: Bola pa 14 ndalama yanga ikhale yokwana, zinazo muzikangana

Mai a Tadala: Amlembi phindu la masheya 12 aja likhala la ndani, poti akhala m'bokosi kuyambira Okutobala

Linesi: Achemwali inu!!

Mlembi: Masheya akachoka m'dzina lanu phindu lake ligawidwa kwa gulu lonse, inu ndi Linesi mulandirako ngati wina aliyense. Lachitatu 3 koloko kwa Mai Tcheya, Mai a Tadala mubwere ndi malisiti a malata ndi buku lanu la masheya ndidzafufute 12 aja pamaso pa onse. Wochedwa K500