Kodi masewera a pa kanema olimbitsa thupi angathandizedi okalamba kupewa kugwa?

Wofunsa:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumagwira ntchito ndi anthu achikulire kapena munasamalirapo makolo anu kunyumba. Mayi anga ali ndi zaka 78, amayenda okha popanda ndodo ndipo mutu wawo ukugwira bwinobwino, koma chaka chino agwa kawiri m'nyumba, moti tsopano akuopa ngakhale kutuluka pakhomo. Akamadzuka pampando amayamba agwira tebulo, ndipo akamatembenuka amadzandira pang'ono. Mlongo wanga akufuna kuti tiwagulire chipangizo cha masewera a pa kanema, chija munthu amaponda pa kamphasa kamagetsi kapena kuima kutsogolo kwa kamera, kanemayo n'kumamuuza poti aponde. Nkhawa yanga ndi yakuti mwina tingawawonjezere mpata wogwa m'malo mowateteza. Kodi pali umboni weniweni wakuti zipangizo zimenezi zimachepetsa kugwa, kapena ndi zokopa za amalonda chabe? Ndipo ngati zimathandiza, tiyang'ane chiyani posankha?

Dokotala wa mafizo:

Mwachita bwino kufunsa musanagule, chifukwa kugwa kwa munthu wachikulire si nkhani yoiona mopepuka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo amene amamwalira kwambiri ndi opitirira zaka 60. Mwa anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amagwa kamodzi kapena kuposerapo pachaka. Mantha amene mayi anu ali nawo ndi mbali ya vutoli, pakuti munthu akaopa amasiya kuyendayenda, miyendo imafooka, ndipo kufookako n'kumene kumadzamugwetsanso.

Zakuti masewera olimbitsa thupi amachepetsa kugwa n'zotsimikizika. Mu 2019 bungwe la Cochrane, limene limasanthula kafukufuku wa zaumoyo, linasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 108 wokhudza anthu oposa 23,000, ndipo linapeza kuti masewerawa amachepetsa kugwa ndi pafupifupi 23 peresenti. Koma si masewera aliwonse. Amene amathandiza kwambiri ndi amene amaphunzitsa thupi kuima ndi kusuntha osadzandira, monga kuima mapazi atagundana, kuyenda chidendene chikugunda zala za phazi lina, kudzuka pampando osagwira kanthu ndi kutembenuka. Kuyenda kokha n'kwabwino kwa mtima, koma umboni wakuti kumachepetsa kugwa ndi wochepa.

Tsopano za zipangizo. Zinayamba kutchuka pamene kampani ya Nintendo inatulutsa Wii Balance Board, kabolodi koimapo posewera, mu 2007, kenako Microsoft inatulutsa Kinect, kamera yoona kusuntha kwa thupi, mu 2010, ndipo ngakhale zinapangidwira zosangalatsa, ofufuza anayamba kuziyesa pa okalamba. Umboni wamphamvu wabwera posachedwapa kuchokera ku zipangizo zopangidwira okalamba enieniwo. Ofufuza a ku NeuRA, bungwe lofufuza za ubongo ndi mitsempha mumzinda wa Sydney ku Australia, anayesa masewera otchedwa smart±step pa anthu 769 a zaka 65 kupita m'tsogolo, ndipo zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2024, zinasonyeza kuti amene ankasewera poponda pa kamphasa anagwa mocheperapo ndi 26 peresenti m'chaka chimodzi poyerekeza ndi amene sanapatsidwe masewerawo. Chimene ndikufuna muchigwiritse ndi ichi: panali gulu lina limene linkasewera masewera omwewo litakhala pampando, likudina ndi manja, ndipo pa gulu limenelo kuchepa kwa kugwa sikunaoneke bwino. Choncho chimene chinathandiza si kanemayo, koma kuponda.

Chifukwa chake n'chomveka mukaona mmene munthu amagwera. Phazi likapunthwa, pamakhala kamphindi kochepa kwambiri kakuti ubongo uzindikire ndi kutumiza phazi linalo pamalo oyenera. Pa masewerawa muvi umayaka kumanzere, munthu aponde kumanzere msanga. Uyaka kutsogolo, aponde kutsogolo. Nthawi zina chizindikiro chimabwera chomuuza kuti asaponde, ndipo ayenera kubweza phazi limene linali litanyamuka kale. Kuganiza ndi kuponda zikuchitika nthawi imodzi, monga zimakhalira munthu akamayenda uku akulankhula kapena atanyamula kanthu. Posankha, tsono, funani chipangizo chimene chimamuimiritsa munthu, kumupondetsa mbali zonse, ndi kuwonjezera kuvuta pang'onopang'ono malinga ndi mmene akuchitira.

Bambo amene anasamalira abambo awo:

Sindikutsutsa zimene adokotala anena, koma ndikufuna kuwonjezera zimene ndinaona ndi maso anga. Abambo anga tinawagulira chipangizo chotere ndipo poyamba anachikonda kwambiri, makamaka adzukulu akabwera n'kumapikisana nawo. Vuto linali lakuti akakhala okha sankatha kuchiyatsa mpaka kufika pa masewerawo. Zilembo zinali zing'onozing'ono, malangizo ankadutsa mofulumira, ndipo akalephera kanemayo ankaonetsa kuti agonja, chinthu chimene chinkawachititsa manyazi. Patapita miyezi ingapo chipangizocho chinangokhala pansi pa tebulo chikutola fumbi.

Chimene anapitiriza nacho mpaka kalekale ndi masewera a Otago, amene anakonzedwa ku yunivesite ya Otago ku New Zealand, ndipo safuna magetsi kapena kanema, koma mpando, khoma ndi tizolemera tomanga mu akakolo. Kafukufuku wake anasonyeza kuti amachepetsa kugwa ndi pafupifupi 35 peresenti, makamaka kwa a zaka 80 kupita m'tsogolo. Maganizo anga ndi akuti musanagule, mayi anu ayeseko kaye, ndipo muone ngati angachiyatse okha popanda wowathandiza. Ngati sangathe, ndiye kuti pakhale munthu wodzipereka kukhala nawo nthawi iliyonse yosewera, apo ayi ndalamazo zingolowa m'madzi.

Namwino wa okalamba:

Ine ndikupemphani kuti musanayambe masewera aliwonse, mayi anu akaonedwe ndi dokotala, popeza munthu amene wagwa kawiri m'chaka chimodzi amawerengedwa kuti ali pachiopsezo chachikulu, ndipo nthawi zambiri chogwetsa sichikhala chimodzi. Mutenge mankhwala onse amene amamwa, chifukwa ena othandiza kugona, ochepetsa nkhawa ndi ena a kuthamanga kwa magazi amabweretsa chizungulire. Awayeze kuthamanga kwa magazi atagona ndiponso ataimirira, pakuti kwa ena kuthamanga kwa magazi kumatsika mwadzidzidzi akadzuka. Maso nawonso ayezedwe, makamaka ngati pali ng'ala. Palibe masewera a pa kanema amene angathetse zimenezi.

Pa nkhawa yanu yakuti angagwe akusewera, kakonzedwe ka malo ndiko kofunika. Kamphasako kakhale pansi posaterera, mawaya achoke m'njira, ndipo pambali pawo pakhale mpando wolemera kapena tebulo lolimba loti agwire akadzandira, kumbuyo kukhale khoma. Avale nsapato zogwira bwino chidendene, osati masokosi okha. Magalasi aja ophimba maso onse, oonetsa ngati munthu ali kumalo ena, sindingawalimbikitse kwa munthu amene wayamba kale kudzandira, chifukwa saona pansi pamene akuponda ndipo ena amamva nawo chizungulire. Kafukufuku wodziwika wa V-TIME wa mu 2016, amene anapeza kuti kuyenda pa makina oyendera uku ukupewa zopinga zooneka pa kanema kumachepetsa kugwa kuposa kuyenda pa makinawo pokha, anachitikira m'zipatala, kanemayo ali kutsogolo, ndipo anthuwo atamangidwa lamba wowagwira akapunthwa. Zimenezo sizofanana ndi kumusiya munthu yekha m'chipinda.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse. Tiyamba ndi kuchipatala monga anenera anamwino. Ndifunsenso adokotala a mafizo: kodi ayenera kusewera nthawi yaitali bwanji pamlungu, nanga tidzadziwa bwanji kuti zikuthandiza?

Dokotala wa mafizo:

Malangizo a WHO a mu 2020 amati anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo azichita masewera olimbitsa miyendo ndi othandiza kusadzandira masiku atatu kapena kuposerapo pamlungu. Mu kafukufuku wa smart±step, komanso wa StandingTall, pulogalamu ya pa tabuleti imene inayesedwa pa anthu 503 a zaka 70 kupita m'tsogolo, cholinga chinali maola awiri pamlungu. Pa StandingTall kusiyana kunaonekera bwino patatha zaka ziwiri, pamene kugwa kunachepa ndi 16 peresenti, ndiye apa bambo aja anena zoona kuti chachikulu ndi kupitiriza, pakuti munthu akasiya phindu lake limayambanso kutha. Mayi anu asayambire pa maola awiriwo. Ayambe ndi mphindi 10 patsiku wina ali pambali, n'kumawonjezera mlungu ndi mlungu, ndipo akamva chizungulire, kupweteka pachifuwa kapena kubanika, asiye nthawi yomweyo.

Poyeza ngati zikuthandiza, musadalire mapointi a pa kanema, chifukwa munthu amatha kuzolowera masewerawo miyendo isanalimbe. Ikani chizindikiro pansi pa mtunda wa mamita atatu kuchokera pampando, ndipo muwerenge nthawi imene amatenga kudzuka, kuyenda mpaka pachizindikirocho, kutembenuka, kubwerera ndi kukhalanso pansi. Masekondi 12 kapena kuposerapo amasonyeza kuti chiopsezo cha kugwa chilipo. Lembani nthawiyo asanayambe, muzibwereza mwezi uliwonse pampando womwewo ndi nsapato zomwezo, ndipo pepalalo muzipita nalo kwa dokotala wawo.