Fayilo ya malonda ikupezeka 0 bytes malaiti akabwera

Wa ku Kamwala:
Akuluakulu, ndithandizeni. Kasitomala wanga wa holoselo ali ndi seva ya Ubuntu, disiki yake ndi ext4 (dongosolo losungira mafayilo la Linux). Pulogalamu ya pa till imanena kuti yasunga, koma malaiti akathima mwadzidzidzi, fayilo yatsopano ija timaipeza ili 0 bytes. Ndikalemba free -h, RAM yambiri ili pa buff/cache. Kodi RAM ndiyo yachepa?

Wa ku Chilenje:
Ikani echo 3 > /proc/sys/vm/drop_caches mu cron (pulogalamu yoyendetsa malamulo pa nthawi yoikika) ola lililonse, RAM izimasuka.

Mayi wa ku Matero:
Ayi achimwene, musatero. Lamulo limenelo limataya zokhazo zomwe zili kale pa disiki, ndiye seva ingoyamba kuchedwa powerenganso zomwezo. Buff/cache si RAM yotayika. Kernel, mtima wa Linux, imasungamo zomwe yawerenga pa disiki, m'masamba a 4 KB, ndipo pulogalamu ikafuna malo imapatsidwa. Mu free -h muziyang'ana pa available, ndiyo RAM imene mapulogalamu angagwiritse ntchito.

Vuto lanu lili polemba. Pulogalamu ikaitana write() kuti ilembe fayilo, deta imangolowa mu page cache, masamba a mu RAM aja, tsambalo n'kutchedwa dirty (losalembedwa pa disiki), kernel n'kuyankha kuti zatheka. Apo n'kuti disiki isanaone kanthu. Zili ngati wogulitsa amene walandira ndalama n'kuika m'thumba la epuloni, m'buku sanalembe. Kernel imadzuka masekondi 5 aliwonse kukalemba zomwe zadikira kupitirira masekondi 30, onani vm.dirty_writeback_centisecs ndi vm.dirty_expire_centisecs, mupeza 500 ndi 3000 (100 ndi sekondi imodzi). Ext4 nayonso imachedwetsa dala kugawa malo pa disiki, choncho dzina la fayilo limatha kulowa mu journal, kaundula wake wa zosintha, deta yake isanafike. Nayo 0 bytes yanuyo. Zinalizapo anthu ambiri mu 2009, ext4 ikadali yatsopano.

Wa ku Kamwala:
Zoona amayi. Ndayang'ana Dirty mu /proc/meminfo: till ikasunga nambala ikukwera, n'kutsika patatha theka la mphindi. Ndiye ndiike sync pa mount, kuti chilichonse chizilembedwa pa disiki nthawi yomweyo?

Mayi wa ku Matero:
Till izikoka miyendo, makasitomala adandaula pamzere. Uzani amene analemba pulogalamuyo aitane fsync(), yokakamiza deta kufika pa disiki, pa fayilo, kenako pa foda yake, asananene kuti yasunga. Podikira, tsitsani dirty_expire_centisecs ifike 500, masekondi 5. Zichepetsa zotayika koma sizithetsa. Ndipo mwini shopu agule UPS, batire yothandiza malaiti akathima, chonde, ndi malonda a anthu awa.

Wa ku Chilenje:
UPS ikhale ya USB, muike NUT, pulogalamu yoyang'anira UPS, kuti seva izizima yokha batire isanathe. Ndili nayo UPS ina yoyesera, mudzaitenge mawa ku Cairo Road.