MUBAS kapena MUST pa Biomedical Engineering, ndiyike iti poyamba?

Tiya_waKasungu:
Akuluakulu ndithandizeniko maganizo. MSCE ndakhoza bwino, Maths, Physics ndi Chemistry zonse zili bho, ndiye pano ndikudzaza fomu ya NCHE yofunsira malo ku mayunivesite a boma koma mutu waima. Ndimafuna Biomedical Engineering kuti ndizikakonza makina a m'chipatala, vuto ndi loti kosi imeneyi ili ku MUBAS komanso ku MUST. Bambo akuti Poly (dzina lakale la MUBAS) basi poti mainjiniya onse amene iwo akuwadziwa anadutsa pa Chichiri, pomwe aphunzitsi anga a Physics akuti MUST chifukwa ndi kwa phee ndipo zinthu zake nzatsopano. Kwathu ndalama ndi zovutirapo, ndidalira loni. Amene munadutsako ndiuzeni zenizeni chonde.

Spanala_Ndirande:
Chemwali choyamba zabwino zonse. Ine ndinapanga Mechanical pa Poly isanasinthe dzina mu 2021, ndiye ndinena poyera kuti mtima wanga uli konko. Chimene bambo akunena chili ndi mutu ndithu, sukuluyi inayamba mu 1965 ndipo ukalowa ku ESCOM, EGENCO, Water Board kaya ku Illovo ku Nchalo, mabwana ambiri amene ukawapeze ndi a pa Poly, nthawi yosaka attachment zimenezi zimathandiza kwabasi. Komanso pa kosi yakoyo chipatala chachikulu cha Queens chili pafupi pomwepo pa Ginnery Corner, ukhoza kuyenda wapansi, ndipo makina a Pumani othandiza ana obadwa masiku asanakwane kupuma aja anayesedwa pa Queens pomwepo mothandizana ndi a Rice University. Koma werengera bwino nkhani ya pogona. Ma hostel ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha ana a sukulu, ambiri amachita lendi ku Chitawira, Naperi, Nkolokosa kapena Zingwangwa, ndiye pamenepo pali lendi, mayunitsi a magetsi, makala, ndiwo, minibasi tsiku la mvula, zonsezo kwa zaka 5. Ngati uli ndi azakhali kapena amalume mu Blantyre amene angakusunge, MUBAS usaisiye.

NdataGirl:
Mng'ono wanga ine ndili ku MUST kuno, Chemical Engineering. Anthu amakonda kunena kuti kuno nkutchire koma bwera udzaone wekha. Inde tili pa Ndata ku Thyolo kufupi ndi Goliati, tauni ili patali, ukafuna kachipangizo kakang'ono ka pulojekiti ngati sensa umakwera mpaka ku Limbe kapena Blantyre tsiku nkuthera panjira, chimenecho sindibisa. Koma kalasi, laibulale, labu ndi hostel zili mumpanda umodzi, ukatopa kuwerenga 11 koloko usiku ungoyenda mphindi zochepa wafika pabedi, kwa ife atsikana chimenechi si chaching'ono ayi. Tomato wa pa Goliati ndi wotchipa, ndipo zokudyera ndalama kulibe zambiri ndiye upkeep imakhalitsako. Sukuluyi inatsegulidwa mu 2014 ndiye ma network athu sangafanane ndi a Poly, koma amene anamaliza kuno akugwira ntchito bwinobwino, digiri yake palibe amene amaikayikira.

Mainjiniya_waPAM:
Mwanawe, ine ndimagwira ntchito imene ukuifunayo ku PAM, nthambi yosamalira makina a m'zipatala za boma, ndiye ndikufunse kaye, unaionapo? Musanakangane za Chichiri ndi Ndata pita pa chipatala cha boma chimene uli nacho pafupi upemphe kucheza ndi a maintenance. Tsiku lathu limayamba ndi oxygen concentrator imene yasiya kutulutsa mpweya wokwanira, umatsegula kumbuyo nkupeza fyuluta yadzaza fumbi mpaka yada bii, umachapa, kuyeza ndi analyser, mwina vuto ndi sieve bed, mbali imene imasefa oxygen mu mpweya, ndipo sipeya yake mpaka ichokere kunja. Kenako suction machine ku theatre, kenako autoclave yophera tizilombo pa zida imene element yake yapsa chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi. Makina ambiri ndi opatsidwa, ena amabwera opanda manual, ndiye amene amapita patsogolo ndi amene manja ake anazolowera multimeter ndi soldering iron, osati dzina la sukulu pa pepala. Ndalandirapo ana a attachment ochokera konse kuwiri, abwino ndi aulesi amapezeka mbali zonse.

China chimene ndikufuna uchimvetse, olemba ntchito pa Biomedical ndi ochepa, boma, zipatala za CHAM, zapulayiveti, makampani ogulitsa makina ndi mabungwe angapo basi. Wa Electrical akhoza kubwera kudzagwira ntchito kuchipatala koma wa Biomedical kuti alowe ku ESCOM zimavutirapo. Sindikukugwetsa ulesi, tikufunika anthu ambiri zedi makamaka atsikana, koma pa fomupo usaike kosi imodzi yokha. Civil ndi Electrical pa ziwirizi uzipeza ku MUBAS, Chemical ndi Manufacturing ku MUST, Metallurgy ili konse ndipo ndi migodi ngati Kayelekera ndi Kangankunde osainyoza.

Tiya_waKasungu:
Zikomo kwambiri achimwene ndi achemwali, komanso inu bambo a PAM mwanditsegula maso. Ku Blantyre ndilibe wachibale ngakhale mmodzi ndiye ndikuona ngati ndiyika MUST poyamba, MUBAS Biomedical yachiwiri kenako Electrical. Lolemba ndipita pa chipatala cha Kasungu kukapempha kuona nawo. Nanga loni ija imasiyana kutengera sukulu?

Spanala_Ndirande:
Loni ndi ya HESLGB, ndi bungwe limodzi lomwelo kaya uli ku Thyolo kaya pa Chichiri, koma umafunsira payokha ukasankhidwa ndipo si onse amapatsidwa, ndiye yambiratu kusonkhanitsa mapepala osonyeza mmene zinthu zilili pakhomo, ID yako ndi ya bambo zikhale pafupi. Bambowo ukhale nawo pansi muwerengere limodzi lendi ya mu Blantyre ya chaka chonse pa pepala, akaona okha manambalawo savuta. Ukabwerako kuchipatalako udzatiuze zimene wakaona.