Ndingaphunzire kuti kuyendetsa M3 pabwalo la mpikisano?

Moni nonse akuluakulu. Nzeru zandithera, ndiye ndati ndifunse kuno.

Ndili ndi BMW M3 E46 ya 2004, injini ya malita 3.2, magiya 6 osintha pamanja. Mphamvu zonse zimapita ku matayala akumbuyo, ndipo nkhani yagona pamenepo. Mwezi watha kutagwa mvula ndinafulumira kuponda mafuta ndili pakona, kumbuyo n'kuyamba kutsetsereka. Inandipulumutsa ndi DSC, kompyuta ya m'galimoto yothandiza kuti isatsetsereke, osati luso langa. Manja ankanjenjemera pachiwongolero mpaka kunyumba.

Ndikufuna track day, tsiku lomwe anthu wamba amaloledwa kuyendetsa galimoto zawo pabwalo la mpikisano, mlangizi atakhala pambali panga. Sukulu ziwiri zomwe ndinafunsa zimangophunzitsa zotengera laisensi. Bwalo lina ndinalilembera kawiri, kuli zii. Pa Facebook ndikungopeza anyamata othamangitsana usiku pamsewu, zimenezo ine ayi.

Mabuleki ndaika atsopano, mafuta ake ndi DOT 4, matayala akadali bwino. Helemeti sindinagulebe.

Kodi inu masiku a track day mumawadziwira kuti, kumakalabu a eni galimoto kapena kubwalo komweko? Wongoyamba kumene ayambire pa skid pan (malo oterera ophunzirirapo kuwongolera galimoto ikamatsetsereka) kapena angolowa m'bwalo? Nanga inshulansi wamba ikakana za m'bwalo, mumatani?