skewX yapendeketsa batani ndi malemba omwe, ndingatani?

wongoyamba: Moni akuluakulu. Ndikupanga menyu ya webusaiti ndipo ndimafuna mabatani akhale opendekeka ngati slash, ndiye mu CSS (chilankhulo chokonzera maonekedwe a tsamba) ndaika transform: skewX(-15deg), batani lapendekeka bwinobwino koma malemba a mkatimo nawonso apendekeka, sakuwerengeka bwino. Chinanso pa foni tsamba layamba kusuntha cham'mbali pomwe kale silinkatero. Ndithandizeni chonde.

mlonda_wa_seva: Transform imagwira batani pamodzi ndi zonse zili mkati mwake, nchifukwa chake malemba atengera. Akulungeni mu span (tagi ya HTML yokutira malemba) ndiye span'yo muipatse skewX(15deg), yopanda minus, ziwirizo zimafafanizana malemba nkuima chilili. Koma musaiwale display: inline-block pa span, mukaisiya inline transform sigwira olo pang'ono, ambiri amakodwa pomwepa.

dada_css: Njira ya achimwene pamwambapa imagwira ndithu koma ine ndinaisiya, kupendeketsa kenako kuwongolanso ndi ntchito iwiri pa batani lililonse. Batani lisiyeni lowongoka, lipatseni position: relative ndi isolation: isolate, kenako mtundu wa kumbuyo muuike pa ::before (kabokosi kapadera komwe CSS imapanga mkati mwa batanilo) yokhala ndi content: "", position: absolute, inset: 0, z-index: -1, skewX'yo ipite pa ::before basi, malemba simuwakhudza nkomwe.

Za kusunthako ndi masamu chabe. skewX imakankha mzere uliwonse cham'mbali molingana ndi mtunda wake kuchokera pakati, kuchulukitsa ndi tan ya ngodyayo. tan ya 15deg ndi pafupifupi 0.27, ndiye chinthu chotalika 200px kuchoka pamwamba kufika pansi chimatulukira 27px mbali iliyonse, ndipo browser sisungira malo amenewo chifukwa transform sisintha layout, imangosintha kajambulidwe. Batani lomaliza likakhala kumapeto kwenikweni kwa sikirini, ngodya yake imatuluka kunja. Onjezerani padding pa menyu, kapena overflow-x: clip.

mlonda_wa_seva: Zoona asisi, ya ::before ndi yaukhondo. Kungowonjezera, ngati kumbuyoko kuli chithunzi musagwiritse skew, nkhope za anthu zimapindika, dulani ndi clip-path: polygon() m'malo mwake.

wongoyamba: Zatheka!! Ndatenga ya ::before, ndinaiwala isolation poyamba mtundu unabisala kuseri kwa menyu koma nditaika zonse zili bho, padding ya 12px yathetsa kusuntha kuja. Zikomo kwambiri nonse awiri. Funso lina, ndikafuna ngodya isinthe pa hover (mouse ikafika pa batani), transition ndiike pa ::before pomwepo?