Funso: mabakiteriya a m'matumbo a mphutsi zoboola mitengo

Akuluakulu a zamitengo ndi a m'malabu muno mu Chipata, tithandizeni nzeru.

Tikufuna kuyerekeza mabakiteriya a m'matumbo a mphutsi zamitundu iwiri. Zina ndi za Lyctus, zomwe zimadya mbali yoyera yakunja ya mlombwa, n'kusiya timabowo ta mamilimita 1 mpaka 2 ndi ufa wosalala ngati wa chimanga choyera. Izi zimatsata sitachi basi, n'chifukwa chake mtima wofiira wa mlombwa siziukhudza. Zinazo ndi mphutsi zazikulu za Phoracantha za pansi pa khungwa la bulugamu wodulidwa kumene, zomwe zimadya mbali yamkati ya khungwalo ndi pamwamba pa thupi la mtengo.

Njira yake ndi iyi: kuviika mphutsi mu ethanol (spiriti wophera majeremusi) ya 70% kwa mphindi imodzi, kutsuka katatu ndi madzi owiritsa ozizira, kung'amba ndi kutulutsa matumbo, kenako kuwatikita n'kupaka pa agar, chakudya chomeretsera mabakiteriya m'mbale za mu labu. Vuto ndi nkhungu. Pofika tsiku lachitatu imakhala itakuta mbale yonse, mabakiteriya osaonekanso. Kodi mankhwala oletsa nkhungu oyenera kuthira mu agar ndi ati, ndipo mlingo wake ndi wotani? Nanga matumbo a Lyctus, poti ndi aang'ono zedi ndipo amaphulika msanga, n'kololeka kutikita mphutsi yonse?

Funso lina likupita kwa amisiri a matabwa ndi oluka nsungwi. Mukaviika nsungwi m'madzi kuti sitachi ichoke, mumazisiya masabata angati kuti anankafumbwe asadzaziboole? Amene ali pafupi ndi ku Msekera, kumalo ofufuzira zaulimi, atifunsireko.