Hilux yakale ya dizilo: lamba wa taimingi ndi gasiketi zakana kulowa, masipeya ake ndiwadziwe bwanji?

Mlimi wa ku Tsangano:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru, makamaka inu mwagwirapo ma Hilux akale. Ndili ndi Toyota Hilux ya dizilo, 4x4, yomwe adandisiyira malemu bambo anga aang'ono. Pa blue book palembedwa 1986. Ndi ija ya ma leaf spring kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo ntchito yake ndi kutsitsa kachewere kupita naye ku msika.

Mwezi watha idatentha pachitunda itasenza katundu, oyilo n'kusanduka ngati tiyi wamkaka. Makaniko watsegula, akuti gasiketi yapsa, hedi yang'aluka pakati pa mavalavu, ndipo lamba wa taimingi watha. Tidakagula lamba ndi gasiketi m'sitolo ina ku Lilongwe, tidawauza kuti injini yake ndi 2L ya 1986. Kufika nazo ku galaja, lamba sakugwirizana ndi mapule, gasiketi mabowo ake achepa. Eni sitolo akukana kulandira, akuti tidakupatsani zomwe mudapempha. Kachitsulo ka manambala kam'boneti kadapakidwa penti, sikakuwerengeka.

Ndiye ndidziwa bwanji masipeya enieni a galimotoyi? Nanga hedi ndingaipeze kuti? Wina wandiuza kuti ya minibasi ya Hiace imalowa, ndi zoona?

Ankolo a Ginimbi:
Gulitsani madala, mugule Probox. Galimoto ya 1986 ndi agogo amenewo, asiyeni apume.

Mayi wa Geni ku Lizulu:
Probox ikwere msewu wa ku Tsangano nthawi ya dzinja ndi matumba 15? Inu musamaseketse anthu. Munthu wafunsa za masipeya.

Makaniko Wopuma, Biwi:
Achimwene, musagulenso kanthu kaye. Ine ndikukayikira kuti injini ili m'galimoto mwanumo si yomwe idabwera nayo. Mabowo a gasiketi kuchepa ndiye chizindikiro chachikulu. 2L ndi ya malita 2.4, masilinda ake ndi mamilimita 92 m'lifupi. 3L ndi ya 2.8, mamilimita 96. 5L ndi ya 3.0, mamilimita 99.5. Kunja zimaoneka ngati ana a mimba imodzi, ndipo anthu ambiri 2L ikatopa ankangotsitsa n'kukwezamo 3L chifukwa imakhala pamalo omwewo popanda kuvutika kwambiri. Blue book siidziwa zimenezo.

Ngakhale itakhala 2L, dzina limenelo lokha silikwanira. Pali 2L yoyamba, yomwe kamshafti yake imakankha mavalavu kudzera pa ma rocker (timikono tachitsulo), ndipo pali 2L yachiwiri yomwe idayamba cha mu 1988, kamshafti imakhala pamwamba penipeni pa mavalavu, ndipo mpata wake umakonzedwa ndi ma shim (tizitsulo tozungulira topyapyala). Hedi ndi zosiyana, lamba ndi wosiyana. Wam'sitolo ukangomuuza kuti 2L amatola chomwe chili pafupi ndi dzanja.

Chitani izi. Popeza hedi yatsitsidwa kale, iyang'aneni: muli ma rocker kapena mulibe? Kenako pukutani buloko m'mbali ndi palafini, mupeza malo osalala pomwe adadinda mtundu wa injini ndi nambala yake. Makaniko ayezenso kukamwa kwa silinda ndi chida choyezera chotchedwa vernier. Lamba wakale musataye, werengani mano ake ndi kuyeza m'lifupi mwake. Mukatero mubwere mutiuze.

Za kachitsulo kam'boneti, musapale ndi sandipepa, mufuta zonse. Nyowetsani kansalu ndi thinner, pukutani pang'onopang'ono, kenako walitsani tochi cham'mbali. Manambala odindidwa amaoneka ndi mthunzi ngakhale zolemba zina zitafufutika. Pamenepo pali model, injini, frame number, mtundu wa penti, komanso code ya giyabokosi ndi difu. Model imawerengedwa chonchi: chilembo choyamba ndi banja la injini, L ndi dizilo ija, Y kapena R ndi za petulo monga 4Y ndi 22R. Chilembo chachiwiri, N, ndiye Hilux. Ya 4x4 ya dizilo ya zaka zimenezo nthawi zambiri imakhala LN65, pomwe LN106 ndi ya m'badwo wotsatira, yomwe idabwera ndi 3L kuchokera kufakitale. R wotsatira manambala akutanthauza chiwongolero chakumanja. Kachitsulo kakakanika, frame number idadindidwanso pa chassis penipeni, yang'anani kuseri kwa tayala lakutsogolo, muchotse matope ndi bulashi ya waya.

Wa ku Joni:
Kuwonjezera pa zomwe anena akuluwa, dziwaninso komwe galimotoyo idamangidwa. Kuno ku South Africa fakitale ya Toyota ya ku Durban idapitiriza kupanga Hilux ya thupi lakalelo mpaka m'zaka za m'ma 1990, ku Japan atasintha kalekale. Ndiye magalimoto awiri ofanana nkhope akhoza kusiyana zaka khumi, ndipo zina monga magetsi, mawaya ndi zam'kati sizigwirizana. Ngati ili ndi VIN, nambala ya chassis ya zilembo ndi manambala 17, yoyamba ndi AHT ndi ya ku Durban, yoyamba ndi JT ndi ya ku Japan. Zomwe zinkagulitsidwa mu Japan momwemo zili ndi frame number yaifupi, model kenako kamzere ndi manambala. Zitseko, magalasi ndi ma fender kuno zimapezekabe m'masikirapu, koma musatume munthu wa basi popanda chithunzi ndi muyeso.

Mlimi wa ku Tsangano:
Zikomo akuluakulu. Ndangochoka ku galaja. Ma rocker mulibe. Pa buloko tapukuta, palembedwa 3L, ndipo vernier yawerenga 96. Kachitsulo kaoneka pang'ono, model ndi LN65 ndithu, injini palembedwa 2L. Mayi aang'ono akuti akukumbukira kuti malemu adagulako injini ku Blantyre galimoto itagona chaka chathunthu.

Makaniko Wopuma, Biwi:
Basi, nkhani yaoneka. Kuyambira lero galimoto yanu muziigulira pawiri. Za injini zonse, hedi, gasiketi, lamba, tensioner (chokungira lamba), wotapampu, ma injector, muzinena 3L. Za thupi, mabuleki, difu, chiwongolero ndi ma bearing a m'matayala muzinena LN65 ndi frame number. Kilatchi ndi sitata zili pamalire, zimenezo muzinyamula chakale m'manja, chifukwa sitikudziwa kuti amene adakweza injiniyo adasiya flywheel iti.

Phunziraninso manambala a Toyota, mudzasiya kukangana ndi anyamata a m'sitolo. Amakhala manambala 10, asanu kenako kamzere kenako asanu. Asanu oyamba amanena kuti ndi chiyani: 11101 ndi hedi, 11115 ndi gasiketi ya hedi, 13568 ndi lamba wa taimingi, 16100 ndi wotapampu, 31250 ndi kilatchi puleti, 04465 ndi ma brake pad. Asanu omaliza ndi amene amasiyanitsa galimoto ndi inzake. Pa intaneti pali makatalogi monga Partsouq, Amayama ndi Megazip, mumalemba frame number kapena kusankha model, n'kuona zojambula za chiwalo chilichonse ndi nambala yake. Za injini tsegulani LN106. Ngakhale musagule kwa iwo, lembani nambalayo papepala mupite nayo ku sitolo. Nambala yakale ikasinthidwa ndi yatsopano amaonetsanso, ndiye musadabwe bokosi likabwera ndi nambala ina.

Ma bearing ndi ma oil seal musavutike nawo ndi dzina la galimoto n'komwe. Bearing ili ndi nambala yake m'mphepete, ya Koyo kapena NSK ya nambala yomweyo ndi yomweyo. Seal imayezedwa mkati, kunja ndi kuchindikala.

Dalaivala wa Limbe–Zomba:
Za Hiace ndiyankhe ine. Inde, maminibasi akale ambiri ali ndi 2L, 3L kapena 5L, ndiye hedi ya 3L ya Hiace imakhala pa 3L ya Hilux. Zimene zimasiyana ndi zozungulira: sampu, ma mounting, mapaipi a madzi, nthawi zina manifold. Mumangosamutsa zanu. Ku Ndirande ndi ku Biwi ophwasula maminibasi alipo. Koma hedi yakale osalipira musanakaiyezetse pressure test ku injiniyaring'i. Injini zimenezi zikatentha zimang'aluka hedi, ndipo yambiri ili pamsika idatsitsidwa chifukwa cha matenda omwewo. Maso saona mng'alu wa mkati.

Ankolo a Ginimbi:
Nanga bwanji osangogula hedi yatsopano ya m'bokosi zija zotchipa? Zadzadza m'masitolo.

Dalaivala wa Limbe–Zomba:
Zina zimakhalitsa, zina miyezi yochepa mavalavu ayamba kulira. Vuto lake sudziwa kuti wagwira iti. Ine ndingasankhe yakale ya Toyota yomwe yapambana test.

Makaniko Wopuma, Biwi:
Apa ndisiyana nanu pang'ono a Dalaivala. Hedi yakale yomwe idapalidwa kale kawiri, ngakhale ipambane test, ine sindiifuna. Yatsopano yopanda kanthu, n'kusamutsiramo kamshafti ndi mavalavu anu oyambirira ngati ali bwino, n'kukonza ma shim moyenera, ndaiona ikugwira ntchito. Pomwe sindilola zotchipa ndi pa lamba ndi tensioner. Lamba akaduka pa injini iyi mapisitoni amamenya mavalavu, mwataya hedi yachiwiri. Toyota idaika makilomita 100,000 pa lamba, koma zimenezo ndi za lamba weniweni. Wotapampu ndi kilatchi funani Aisin, zamagetsi Denso, ndi amene ankapangira Toyota yemweyo. Mabokosi abodza aliponso, yang'anani dzina lodindidwa pa chitsulo, osati pa katoni.

Chinanso: chidatenthetsa injini ndi chiyani? Rediyeta ya 1986 ikuziziritsa 2.8 yosenza kachewere pachitunda. Itsukitseni, onani fan clutch ngati ikugwirabe injini ikatentha, ndipo thermostat ibwezeretsedwe ngati wina adaichotsa. Ma glow plug nawo werengani ma volts olembedwa pa akalewo, alipo a mitundu ingapo, ndipo mawaya a m'galimoto mwanu ndi a 2L.

Mayi wa Geni ku Lizulu:
Nambala ya injini ya pa blue book ndi ya pa buloko zasiyana tsopano. Kakonzetseni ku Road Traffic musanafune kusintha umwini, pepala la komwe malemu adagula injiniyo lifufuzeni m'nyumbamo. Gasiketi ndi lamba mwagula kalezo ikani pa gulu pano, a 2L alipo atenga.

Makaniko Wopuma, Biwi:
Ndidaiwala. Gasiketi ya 3L ili ndi makulidwe angapo. Makaniko ayeze kaye mmene mapisitoni akutulukira pamwamba pa buloko ndi dial gauge, kapena aone chizindikiro cha pa gasiketi yakale ngati sichidapse, ndiye muitanitse yoyenera.

Mlimi wa ku Tsangano:
Yakaleyo chizindikiro chidapsa. Makaniko akuti dial gauge alibe, akabwereka mawa kwa mnzake ku Ntcheu boma. Amene ali ndi hedi ya 3L yosapalidwapo, ndipo angalole kuti tikaiyezetse ndisanalipire, andipeze ku inbox. Gasiketi ndi lamba wa 2L yoyamba zilipo, ndikugulitsa pamtengo womwe ndidagulira.